Mtedza wa a Nachisale pa Geti la Kompyuta

Dzina lawo la ubatizo ndi Anasi. Ndalilemba kamodzi kokhaka ndipo sindibwerezanso, chifukwa mayi amenewa ndi apongozi anga, ndipo mkamwini wozolowera kutchula apongozi ake dzina amakhala kuti wayamba kale kulongedza katundu. Ku Kapondo aliyense amawatchula kuti a Nachisale. Zaka zomwe ndikunenazi, munthu ukafika pa Kamwendo nyengo yogulitsa mbewu n'kufunsa komwe kuli mtedza wabwino, mavenda ankakuuza dzina limeneli, n'kuwonjezera mawu amene eni akewo ankawanyadira kuposa nyumba ndi mbuzi zawo: mtedza wa a Nachisale sunabwezedwepo pa sikelo ya munthu aliyense.

Anabadwira m'mudzi momwemo, ndipo sukulu anaisiyira pomwe anadziwa kulemba dzina. Anakwatiwa ndi a Yohane, bambo amene ankathandiza madalaivala a malole kumanga katundu pa boda ya Mchinji. Tsiku lina a Yohane anakwera lole yopita ku Chipata, akuti akathandize kutsitsa matumba, abwerako madzulo. Madzulo akewo sanafikebe mpaka lero. Mphekesera zinkabwera ndi madalaivala zoti ali kumigodi ya ku Zambia ndi banja lina, koma a Nachisale sanapite kukafufuza. Anatsala ndi ana aakazi anayi, khasu, ndi munda wa mchenga umene chimanga chimachita kukaniramo koma mtedza umaukonda.

Nthawi imeneyo wogula anali mmodzi, msika wa boma, ndipo kalaliki wa kumeneko ankavundula mtedza ndi dzanja ngati akufunamo mlandu. Ukakhala wosweka, wosupuka khungu, kapena wosakanikira mphwephwa, tinjere tofota tija, ankangokulozera njira yomwe wadzera. Apongozi anga ali mtsikana anaonapo mayi awo owabereka akubwerera kuchokera kumsikako dengu lili pamutu, anthu akuwayang'ana m'makonde, wina osawapatsa moni poopa kufunsa. Mkazi wanga amati nkhani imeneyi anakula akuimva chaka ndi chaka nyengo yoswa mtedza ikafika, ndipo inkathera pa mawu amodzimodzi: "Ine ayi."

Mbewu yawo ndi Chalimbana, wa njere zikuluzikulu uja. Chaka cha njala ya 2002 anthu anadya mbewu zawo zonse, koma iwo anathira yawo mumtsuko, n'kumata pakamwa pake ndi dothi, ana akulira pambali. Mvula itagwa anaphwanya mtsukowo n'kugawira anzawo kambalekambale. Chalimbana yense amene ali m'mudzimo lero anachokera mumtsuko umenewo, ndipo n'chifukwa chake pa nkhani ya mtedza amayi a kumeneko satsutsana nawo.

Kaswedwe kawo nkotere. Mtedza amausunga m'nkhokwe ndi makoko omwe. Ikafika nthawi yogulitsa, dzuwa likapendeka amauthira pamphasa, n'kutenga beseni la madzi ndi kanthambi ka masamba, n'kumawaza pang'onopang'ono ngati abusa pa ubatizo. Kenaka amaufunditsa ziguduli. Pofika m'mawa makoko amakhala atafewa. Ukangodina amatseguka okha, njere n'kutuluka yathunthu, khungu lake losasupuka. Sawaza kuti mtedza ulemere pa sikelo monga amachitira ena, ndipo mutawanena zimenezo mungathe kukayankha mlandu. Amawaza chifukwa mtedza wouma gwa umasweka pakati ndipo umatupitsa zala. Chala chawo chachikulu cha kumanja chinaphwatalala ngati supuni. Amaswa osayang'ana, maso ali kwa amene akulankhula naye. Amayi a m'mudzimo amasonkhana pansi pa mtengo wa mango wa pakhomo pawo, lero kuswa wa uyu, mawa wa uyo, ndipo wonena kuti madzi akwana amakhala a Nachisale.

Matipate atabwera msika unatseguka, mavenda n'kudzaza m'midzi ndi masikelo okoleka mumtengo. Patapita zaka mmodzi wa iwo ndinali ine, Levi, mnyamata wa ku Namitete wokhala ndi njinga, sikelo, ndi mutu wothamanga. Ndinkachulukitsa makilogalamu ndi mtengo wake m'mutu mlimi asanamalize kupukuta thukuta, ndipo ndinkaonetsetsa kuti anthu aona kuti sindinagwire pensulo. Tawina, mwana wachitatu wa a Nachisale, ndiye ankabweretsa matumba a mayi ake. Masamu angawo sanamugometse. Anangoti ndikweze sikelo m'mwamba pang'ono chifukwa thumba likukhudza pansi. Chaka cha 2006 tinakwatirana, ine n'kukamanga kanyumba kuseri kwa nkhokwe ya apongozi ngati mkamwini wina aliyense.

Kwathu ku Namitete ulemu wa apongozi timaudziwa, koma ku Kapondo ndinakapeza wosasungunula. Ine ndi a Nachisale sitinkayang'anana, sitinkadyera pamodzi, sitinkalankhulana. Tikakumana panjira iwo ankapatukira kutchire la uku, ine la uko, aliyense n'kunjuta atafulatira mnzake, moni n'kumaperekedwa kwa mitengo. Tsiku lina ndinanjuta pa chitedze, ndipo ndinayankha moni wonse mpaka wa nkhuku ndi mbuzi ndisanayambe kudzikanda. Nkhani ikakhalapo inkadzera mwa Tawina, ngakhale tonse atatu tili pabwalo limodzi. Ndinkauona ngati mwambo wopanda vuto, wongotayitsa nthawi pang'ono.

Chaka chotsatira kunatsegulidwa fakitale ya chiponde ndi mafuta ophikira pafupi ndi Kamwendo, cha kumsewu waukulu. Ine ndinali m'gulu la oyamba kukalembetsa kuti ndizigulira fakitaleyo mtedza m'midzi, ndipo tsiku limene anationetsa mkati ndinabwerako ngati munthu wochokera ku chitsitsimutso. Amene ankatiyendetsa anali Madalo, mtsikana woyang'anira pageti. Pageti pomwepo panali chitsulo chonga mkondo chimene amabaya nacho thumba. Chitsulocho chimamva chinyezi cha mtedza, nambala n'kuoneka pa galasi la kompyuta. Ikakhala 8 kapena yocheperapo, imayaka nyali yobiriwira, lamba wonyamula matumba n'kuyamba kuyenda yekha. Ikapitirira imayaka yofiira, lamba n'kungoti duu. Mkatimo makina amaswa mtedza, mphepo n'kuuluzira makoko m'paipi mpaka m'ng'anjo, ndipo moto wa makoko omwewo ndi umene umakazinga mtedzawo. Wosonkhezera ndi kompyuta: kutentha kukatsika imawonjezera makoko, kukakwera imaleka. Pamalo ponsepo panalibe ngakhale chikuni chimodzi, m'boma limene mabalani owotchera fodya anameta mapiri mpala. Phulusa ankagawira alimi kuti akathire kumunda. Kutsogolo kwake kunali kadiso koyang'ana njere iliyonse ikamadutsa, ndipo ikakhala yoipa kampweya kankailavulira pambali.

Ndinafunsa mafunso mpaka anzanga anayamba kundikoka malaya. Madalo anatifotokozera chifukwa chake geti linali louma mtima choncho. Mtedza wonyowa ukatsekeredwa m'thumba umachita chuku, ndipo chukucho chimasiya poizoni amene sachoka ngakhale mutaukazinga. Amawononga chiwindi pang'onopang'ono, ndipo ogula akunja akamupeza amabweza katundu yense. Ife mavenda sitinkachiona chifukwa tinkagulitsa msanga, chuku n'kukamerera m'manja mwa ena kutali.

Kumudzi ndinalalikira za fakitaleyi kwa aliyense woima. Ndinauza amuna pa bawo kuti pakatha zaka zisanu ku Mchinji kudzamera mitengo mpaka afisi kubwerera, ndi kuti makoko amene amayi amatayira kudzala adzakhala ndi mtengo wake pa kilogalamu. Mawa lake ndinatapa m'kachitini mtedza umene apongozi anali atangoswa kumene, n'kupita nawo kwa Madalo, ndikumwetulira ngati munthu wokaonetsa mwana wake kusikelo. Nambala inabwera 11.

A Nachisale anali atamva kale za fakitale, mwina chifukwa cha ulaliki wanga womwewo, ndipo anali atanena kudzera mwa Tawina kuti chaka chino mtedza wawo upita kumeneko, eni makinawo akaone chimene chimatchedwa mtedza. Ndiye panafunika munthu woti awauze kuti madzi aja, amene anawalerera ana anayi, asiye.

"Muwauze amayi kuti asamawaze madzi," ndinamuuza Tawina.

"Ndiwauze kuti wanena ndani?"

"Kompyuta."

"Kompyutayo inakwatira pano?"

"Ndiye munene kuti ndanena ine."

Anasiya mbale imene ankatsuka. "Inu mwadya ndiwo zotendera za pakhomo pano chaka chimodzi chokha, lero mukufuna muwaphunzitse kuswa mtedza? Njira yopita kukhonde kwawo mukuidziwa."

Ndinaidziwadi, ndipo ndinaiyesa. Ndinakonza mawu anga bwinobwino, poyambira ndi pothera, n'kulunjika kukhondeko. Atangoona kuti mkamwini akubwera osapatuka, anadzuka n'kulowa m'nyumba, chitseko n'kuchisiya chotseka theka. Ndinanjuta pabwalo, ndinapereka moni kwa chitsekocho, chitseko chinayankha. Kenaka ndinadzimva ndikufunsa ngati mbuzi yawo yodwala ija yayamba kudya. Inali itayamba. Ndinathokoza n'kubwerera.

Ndinaganiza njira ina. Fakitale inkakonda kwambiri mtedza wosaswa, poti makoko ndiwo nkhuni zake, ndipo mtedza wa m'makoko sufuna kuwaza. Uthenga uwu Tawina anavomera kunyamula. Ine ndinakhala kuseri kwa nkhokwe kudikira yankho, limene linanenedwa mokweza ndithu kuti lisavutike kundipeza.

"Uwauze bambo akunyumba kwakowo kuti ine sindipatsa mlendo nkhuku yosasosola. Wogulitsa mtedza ndi makoko omwe ndi munthu amene zala zake zili ndi ntchito ina."

Ndinapita kwa a Jobson, alongo awo a a Nachisale, amenenso ndi ankhoswe a banja lathu. Bambo amenewa anagwirapo ntchito ku esiteti ya fodya ndipo amakonda nkhani za makina. Ndinawajambulira pansi ndi kamtengo: 8 apa, 11 apa, pakati pake mpanda. Ankangogwedeza mutu kuvomereza.

"Akamwini, iyi ndi nkhani yaing'ono. Mlongo wanga ndimamudziwa ine."

Madzulo ake ndinawaona ali pansi pa mango akulankhula ndi manja omwe. Nditasuzumiranso, anali atagwira beseni, a Nachisale akuviikamo kanthambi. Pobwerera anadzera kwathu, mikono ya malaya itanyowa.

"Njira ndalambula," anatero. "Nkhani zotere sathamangira. Chaka chamawa tidzaimaliza."

Apa ndi pamene mutu wanga wothamanga uja unandipatsa nzeru. Ndinatumiza uthenga woti matumba oyamba ndinyamula ndekha, apongozi asavutike. Anali asanu ndi limodzi, lililonse makilogalamu 50, oyezedwa pa sikelo yanga iwo akuonerera chapatali. M'malo mopita nawo kufakitale ndinakawatsitsa kuseri kwa kashopu kanga pa Kamwendo, n'kuyanika mtedzawo pa tenti. Ndinakhala pamenepo ndi ndodo ngati woingitsa mbalame, kuthamangitsa nkhuku ndi mbuzi, makasitomala akugogoda kutsogolo n'kumapita kwa aneba.

Masamu ake ndinali nditawachita kale. Kutsitsa chinyezi kuchoka pa 11 kufika pa 7 ndiko kutaya makilogalamu awiri ndi kanthu pa thumba lililonse. Ndikanapita nawo choncho, apongozi akanamva kuti matumba awo a 50 afika ali 48 m'manja mwa mkamwini amene ndi venda, ndipo m'Kapondo monse palibe akanakhulupirira kuti wakuba ndi dzuwa. Ndiye ndinatsegula thumba langa la mtedza wofiira, wogula kwa uyu ndi uyo, n'kudzazitsa pamene panaperewera. Pageti nambala inabwera 7, nyali yobiriwira, lamba n'kunyamuka. Ndinapalasa njinga kubwerera kumudzi ndikuimba nyimbo. Ndi makilogalamu 13 okha ndinali nditagula mtendere wa pakhomo, dzina la apongozi, ndi chiwindi cha anthu akunja. Ngakhale Tawina sindinamuuze. Ndinkangodabwa kuti boma likuchedwa bwanji kunditulukira.

Chimene sindinachiike m'masamu ndi pakamwa pa munthu wokondwa. Amayi a m'mudzimo ankaiopa fakitale, poti anamva kuti anthu a kwina anabwezedwa ndi ngolo yonse. A Tabeth, mnzawo wa a Nachisale wa kuyambira kuchinamwali, amenenso akhala akupikisana nawo pa chilichonse kuyambira nthawi yomweyo, anali atayamba kale kuswa wouma monga ananenera alangizi. Anabwera pakhomo pathu kudzaonetsa zala zawo zotupa ndi njere zosweka pakati. Ine ndinali pamalo anga a nthawi zonse, kuseri kwa nkhokwe.

"Mukudzizunziranji, anzanga?" apongozi anatero. "Wanga ndinawaza monga mwa masiku onse, ndipo makinawo anaulandira ndi manja awiri. Alangizi anuwo anaswapo mtedza? Taonani zala zawo, zangokhala ngati za mwana wakhanda."

Mabeseni anatuluka m'nyumba zonse. Pansi pa mango panaswedwa mtedza wonyowa wa mabanja khumi ndi awiri, pamodzi ndi wotsala wa apongozi. Anausokera m'matumba, matumbawo n'kuunjikidwa m'nyumba kudikira ngolo, zimene zonse zinali kotuta chimanga. Anadikira ndithu. Ine ndinkawerenga matumbawo ndikamadutsa, ndipo anafika 40. Makilogalamu awiri ndi kanthu kuchulukitsa ndi 40, pamene tenti yanga inkangokwana matumba asanu ndi limodzi. Kwa nthawi yoyamba masamu anandipweteketsa mutu.

Ndinayesabe. "Muwauze amayi kuti matumbawa akagone kaye kushopu kwanga."

Yankho linabwera liwiro. "Akagone chifukwa chiyani, akudwala? Uwauze kuti ulendo uno ndipita ndekha. Ndikufuna ndikaione ndi maso anga kompyuta yodziwa mtedzayo."

Ndinatsala ndi chiyembekezo chimodzi, magetsi. Masiku amenewo ankazima pafupipafupi moti tinkadabwa akayaka. Ine amene ndinkalalikira za makina m'mudzi monse ndinapemphera kuti tsiku limenelo azime. Anayaka tsiku lonse, osaphethira n'komwe.

Tinanyamuka ndi ngolo zitatu, yakutsogolo akuyendetsa a Jobson. A Nachisale anavala chitenje chatsopano ndi mpango wa kutchalitchi, n'kukhala pamwamba pa matumba, Tawina ali pambali pawo. Amayi ena ankayenda pansi akuimba. Ine ndinali kumbuyo kwenikweni ndikukankha njinga, monga ayenera mkamwini, ndipo tsiku limenelo malowo ndinawakonda.

Madalo anawalandira mwaulemu, mawondo atapinda pang'ono. A Nachisale anati ayambe ndi thumba lawo kuti anzawo aone mmene zimakhalira. Chitsulo chinalowa. Kompyuta inalira, galasi n'kulemba 11, nyali yofiira n'kuyaka. Lamba sanagwedezeke. Madalo anabaya thumba lachiwiri, kenaka lachitatu. Nyimbo zinali zitatha.

"Amayi, pepani, mtedzawu ndi wonyowa. Sungalowe."

"Mwananga, bayanso bwino. Mwina wabaya mothamanga."

"Ndabaya matumba atatu, amayi."

"Ndiye kaitane akuluakulu ako."

"Ngakhale abwana atabwera, lambayu sangayende. Samvera munthu, amamvera nambala."

"Mtedza womwewu, wa m'munda womwewu, unalowa pano mwezi wathawu."

Madalo anakweza khosi kundifunafuna, ndipo anandipeza ngakhale ndinali nditaima kuseri kwa ng'ombe. "Umene anabweretsa achimwene awo unali wouma gwa. Unali pa 7."

A Tabeth anakonza chitenje m'chiuno. "Kapena makinawa amalandira wa akamwini wokha, anzanga. Mukanatiuza, ifenso tikanabwera ndi athu."

Ena anaseka chamumtima. A Nachisale anatembenuka n'kuyang'ana kumpanda, ine ndinayang'ana gudumu la ngolo, Tawina n'kuima pakati pathu ngati womasulira kukhoti.

"Uwafunse bambo akunyumba kwako, matumba anga aja anapita nawo kuti."

"Akuti matumba aja munapita nawo kuti," Tawina anatero mokweza, ngati kuti ine ndinali ku Chipata.

"Muwauze kuti ndinauyanikako pang'ono."

"Akuti anauyanika."

"Ndamva. Uwafunse, mtedza woyanika umapepuka. Nanga wanga unakwana bwanji?"

"Muwauze kuti ndinathiramo wina."

"Wina uti?" Funso limeneli Tawina anafunsa yekha, osadikira mayi ake.

"Wanga. Wofiira uja."

Ndinkayembekeza kuti apongozi anga akwiyira makina, kapena bodza langa. Koma atalankhula, mawu awo anali otsika.

"Ndiye kuti dzina langa linalowa pageti pano litasakanizidwa ndi mtedza wa eni, wotola m'misika."

Uthenga uwu Tawina sanaubwereze.

Madalo anafotokoza kuti kuseri kwa fakitale kuli chipinda choumitsira, chimene chimalandira mpweya wotentha wochokera kung'anjo ya makoko ija. Mtedza wongonyowa ungaumitsidwe mmenemo n'kuyezedwanso, kungoti upepuka. Koma choyamba anayenera kukhuthula thumba lililonse kuti aone mkati. Ambiri anali bwino. Asanu, amene anakhalitsa pansi pa mulu podikira ngolo, anatuluka akununkha ngati nyumba yotsekedwa dzinja lonse, njere zitachita ufa wobiriwira. Atatu anali a a Tabeth, awiri a mayi wina wamasiye, a Luwiza. Amenewa, Madalo anati, ngakhale ataumitsidwa chotani sangalowe. A Tabeth anakhala pansi pomwepo, nthabwala zitawathera. Linali theka la zokolola zawo, ndipo iwo anali atayamba bwinobwino kuswa wouma.

A Nachisale anayenda n'kukaima pamene panali matumba awo, amene analibe chuku poti anaswedwa pomalizira. Analoza asanu.

"Mwananga, atatu awa ulembe a Tabeth, awiri awa a Luwiza. Owolawo ndi anga. Ndine ndinawaza."

"Anzanga, musatero," a Tabeth anatero, koma osalimbikira kwenikweni.

"Ndatero kale."

Madalo anati mtedza wachukuwo angathe kuusiya, auponya m'ng'anjo upse pamodzi ndi makoko, pasakhale wovutika kuunyamula. Kwa ine zinamveka zanzeru kwabasi: palibe chotayika, ngakhale chowola chisanduka moto. Ndinatsala pang'ono kuwomba m'manja. Apongozi anakana.

"Mtedza wobwezedwa umabwerera kwawo. Tawina, uwauze akweze."

Ndinakweza. Amayi ena anatsala kudikira kuti mtedza wawo uume, ife n'kutembenuza ngolo ya a Jobson.

Njira yobwerera imadutsa pakati pa msika wa Kamwendo, ndipo linali tsiku la msika. Inalipo ina yolambalala kuseri kwa mashopu, ndipo a Jobson anayamba kukhotetsera ng'ombe kumeneko, koma mlongo wawo anawauza kuti awongole. Anakhala pamwamba pa matumba asanuwo msana uli njo, osaweramitsa mutu. Oyendetsa kabaza anatipatukira. Mavenda anzanga anasiya masikelo awo n'kumayang'ana, ena pakamwa pali yasa. Mmodzi, amene anakhala akuwagula mtedza zaka zambiri, anayandikira ngolo.

"Amayi, kodi zabwerera?"

"Zabwerera."

Anapisa dzanja m'thumba limodzi, ananunkhiza, sanachite tsinya n'komwe. "Ndiye tsitsani pompano, ine nditenga. Kuupeta bwino, kusakaniza ndi wina, kutsidya kwa bodaku upita. Musataye thukuta lanu, amayi."

Ndisaname, mutu wanga unali utayamba kale ntchito. Matumba asanu, kuchotsapo owola kwambiri, kuwonjezera ulendo wa ku Chipata. Sindinatulutse mawu, koma zikuoneka kuti milomo yanga imayenda ndikamawerengera.

"Tawina, uwauze bambowo atseke pakamwa, ndikuwamva akuchulukitsa. Achimwene, tiyeni."

Tinafika kumudzi dzuwa litapendeka. Ngolo sinaime pakhomo. Inapitirira mpaka kumalire a munda, ndipo uthenga unandipeza woti nditenge khasu. Kukumba dzenje ndi ntchito ya mkamwini, panalibe chachilendo. Titatsitsa matumba, a Jobson anapita kukamwetsa ng'ombe, Tawina anathamangira kunyumba kukatereka madzi, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti tatsala awiri, popanda wonyamula mawu. Ndinakumba nditawafulatira, thukuta lili kamukamu. Dzenje litafika m'mawondo ndinaona kuti lakwana, ndipo ndinatuluka n'kuyamba kukoka thumba loyamba.

Kumbuyo kwanga kunamveka kukhosomola pang'ono.

"Kumbanibe, bambo. Pamenepo nkhumba zifukula."

Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna amene akuuzidwa. Panalibe wina. Ndinatola khasu.